Kukonza kagalu ka Nipper kothyoka khutu

Mwafunsa mmene mungakonzere kachidole kothyoka khutu ka Nipper, kagalu kaja kotchera khutu ku gilamafoni (makina akale oimbira nyimbo) pa chizindikiro cha malekodi a nyimbo a His Master's Voice ndi Victor.

Yambani mwaona chomwe anakapangira. Tambiri takale ndi tapulasitala kapena tamapepala ophatikiza ndi guluu, ndiye kuviika m'madzi ayi ndithu.

Sasani fumbi ndi burashi yofewa. Litsiro likakakamira, yesani kaye kunsi ndi kathonje konyowa pang'ono. Penti ikatsalira pathonjepo, lekani pomwepo.

Khutulo matani ndi guluu woyera wamatabwa, mumange ndi kansalu mpaka mawa. Mng'alu tsekani ndi pulasitala, akauma mupale mofatsa.

Penti pakani pokhapo mwakonzapo. Kupenta kagalu konse kumagwetsa mtengo, poti osonkhanitsa amafuna penti yoyambirira ngakhale yosuluka.