Kukangana za mabandi osafika potukwanana

Mukakhala pa bawo olo pa basi yopita ku Lusaka nkhani ya mabandi ikabuka, musathamangire kutchula maina. Yambani mwagwirizana funso, chifukwa apa mpomwe anthu amasokonezera. Sitikufunsa bandi yomwe mumaikonda, olo yomwe munavina pa ukwati wanu, ayi. Tikufunsa kuti ndani anamvera bandi ija nkupita kukasintha kaimbidwe kake. Amene alibe yankho ayambe wamvetsera anzake.

Anyamata a manje amayamba na Zamrock, rock ya kuno ku Zambia, chifukwa aiona pa YouTube, ndipo mfundo ali nayo. WITCH ya ku Kopala na Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi, onsewa a m'ma 1970, nthawi yomwe a Kaunda analamula kuti pa wailesi pazilira kwambiri nyimbo zathu. Akakuuzani kuti woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family mu 2024, vomerani, ni zoona, WITCH nayo inatulutsanso chimbale mu 2023 nkumazungulira ku Europe na America. Koma kenako afunseni, nanga kuno kwathu, pa Kapata mu Chipata olo ku Katete, ndani akuimba motengera gitala ya Zamrock lero? Kutchuka kunja ni china, kusintha zomwe timavina ni china, musalole azisakaniza.

Ine ndimaima pa nyimbo za kalindula ndipo sindisuntha. Inachokera ku Luapula, m'ma 1980 inadzaza dziko lonse na Serenje Kalindula, Masasu, Shalawambe, PK Chishala, koma maka maka Amayenge ya Chris Chali yomwe inkatenga magule a mitundu yosiyanasiyana nkuwaika pa gitala ya magetsi, ndipo Chris atamwalira bandi sinafe, Alice Chali anaipitiliza. Mvetserani besi na ng'oma mu nyimbo zambiri za masiku ano, ngakhale zina za kutchalitchi, mudzaimvamo. Umboni wake musangokamba pakamwa, yatsani foni, ikani yakale kenako yatsopano, anthu amve okha.

Ndiye pali chija a ku Lusaka amaiwala, ife tili pafupi na boda ya Mwami, Mchinji ni apa chabe. Makaseti a Alleluya Band ya ku Balaka, Paul Banda na mng'ono wake Lucius, kenako Black Missionaries ya Evison Matafale, ankalowa kuno mosavuta ndipo chilankhulo ni chathu chomwe. Munthu akati mabandi a ku Malawi asawerengedwe, mukaneni, chifukwa khutu silidinditsa pasipoti. Chimodzimodzi rumba ya ku Congo ya Franco na OK Jazz, oimba gitala ambiri anaphunzirira pomwepo.

Pakakhala akuluakulu, asiyeni akambe, osawadula. Afunseni kuti bambo, pa Zambia Broadcasting munkamva chani, paukwati ankaimba ndani? Adzakutchulirani Alick Nkhata na Lusaka Radio Band, yomwe inadzakhala Big Gold Six, ndipo apo nkhani imabwerera kumbuyo kuposa momwe munkaganizira. Wina akabweretsa JK olo Daddy Zemus a nthawi ya kampani yojambula nyimbo ya Mondo Music, muuzeni kuti amenewo ni oimba paokha, mkangano wawo udikire tsiku lina.