Momwe mungakonzere chionetsero cha zaluso za makanema ndi makina za ku Japan ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia

Mu 2013 ndi 2014, bungwe la Japan Foundation lidayendetsa chionetsero cha Media/Art Kitchen ku Jakarta, Kuala Lumpur, Manila ndi Bangkok. Zaluso zamtunduwu sizingopachikidwa pakhoma ayi, zimadalira mapulojekita, masipika, makompyuta ndi timamota. Zikangodutsa malire a dziko, choyamba kuvuta ndi magetsi.

Yambani ndi kupempha waluso aliyense mndandanda wa zipangizo zake: dzina la chipangizo, mawati ake, kukula kwa chipinda ndi mdima womwe akufuna.

Chachiwiri, khalirani pansi nkhani ya magetsi, chifukwa apa m'pamene katundu amapsera. Ku Japan magetsi ndi a 100V. Ku Tokyo ndi 50Hz, pomwe ku Osaka ndi 60Hz (Hz ndi muyeso wa liwiro lomwe magetsi amasinthirasinthira pa sekondi). Ku Singapore ndi Malaysia ndi pafupifupi 230V, ndipo soketi yake ndi ya mabowo atatu ngati ya ku Malawi, choncho pulagi ya ku Japan imakana kulowa, munthu n'kudzidzimuka msanga. Msampha uli ku Manila ndi Bangkok. Kumeneko pulagi ya ku Japan ya mano awiri aphwatalala imalowa bwinobwino, koma mkatimo muli magetsi oposa kuwirikiza kawiri. Tembenuzani chipangizo chilichonse muwerenge kumbuyo. Chikalembedwa 100–240V, palibe vuto. Chikalembedwa 100V basi, chidutse pa thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo mumatepo tepi yofiira pa pulagi yake kuti wina asachilumikize kukhoma. Thiransifomayo ikhale ndi mawati oposa a zipangizo zonse pamodzi, makamaka ngati pali mota, poti imakoka magetsi ambiri ikamayamba kulira. Dziwaninso kuti thiransifoma siisintha ma Hz: mota yoyendera ma Hz a kukhoma yomwe idakonzedwera ku Tokyo idzathamanga mopitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 5 ku Manila, komwe ndi 60Hz, ndipo kayendedwe ka ntchito yonse kasokonekera.

Chachitatu, yezani malo a pulojekita musanaboole denga. Pabuku lake pamakhala nambala yotchedwa throw ratio. Ichulukitseni ndi mulifupi mwa chithunzi. Ikakhala 1.5 ndipo mukufuna chithunzi cha mamita 4, pulojekita ikhale mamita 6 kuchokera kukhoma, ndipo kanema wa 16:9 adzatalika mamita 2.25. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 10 mpaka 15, chithunzi chimayamba kuphethira. Pamenepo gwiritsani ntchito HDBaseT, njira yotumizira chithunzi pa chingwe cha netiweki, yomwe imafika mamita 100.

Chachinayi, funsani liwiro la kanema. Ambiri a ku Japan ndi Philippines amajambula zithunzi 29.97 pa sekondi, a ku Thailand ndi Indonesia zithunzi 25. Pulojekita mukaisiya pa 60Hz n'kuonetsa kanema wa 25, chithunzi chimadukiza kamera ikamayenda cham'mbali. Ikani pa 50Hz. Kusintha fayilo popanda chilolezo cha mwini wake n'kuononga ntchito ya munthu, musayerekeze.

Pomaliza, kutatsala masiku awiri kuti mutsegule, yatsani zonse kwa maola omwe chionetsero chizikhala chotsegula. Kenako dulani dala magetsi a makina oseweretsa makanema, muone ngati akudzuka okha komanso ngati zithunzi za makoma awiri kapena atatu zikuyambira pamodzi. Lembani ndondomeko yoyatsira ndi yozimitsira, muimate kuseri kwa chitseko, ndipo mutsindike kuti pulojekita ya babu siizulidwa kukhoma fani yake isanasiye kuzungulira.