Kakyuleta yakale ya Casio yasiya kusindikiza, yambani apa

Mwati ikuyaka bwinobwino koma mukadina ikungolira pepala osayenda eti? Yambani ndi mabatire, akafooka manambala amaoneka pa sikirini koma mota imalephera kukoka, ikani atsopano kapena adaputa yake.

Zikakanika zimitsani, zulani pulagi, tsegulani chivindikiro muone ngati mwatsakamira tizidutswa ta pepala, titoleni mosamala. Pepala osalikoka chobwerera mmbuyo, lidulani kenako mudine batani la FEED loyendetsa pepala.

Manambala akamatuluka ofufuma ndiye kuti ink roller, kagudumu kopaka inki pa manambala, yauma, zambiri za Casio ndi Canon zimalowa ink roller ya IR-40T, ya inki yakuda ndi yofiira, ingogulani ina. Pepala likhale wamba la 58mm.

Vuto lenileni pa zakalezi limakhala girizi wouma amene wagwira magiya. Masulani masikuluwu koma jambulani kaye ndi foni musanachotse kanthu chifukwa timasipuling'i tamomo tikadumpha simutipezanso, pukutani magiya ndi kathonje konyika mu sipiriti, zungulitsani ndi chala pang'onopang'ono mpaka afewe, kenako kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera. WD-40, mafuta opopera aja, ayi ndithu, imauma nkusiya zomata.

Giya likakhala kuti laguluka dzino, sakani kakyuleta ina yakufa yofanana nayo muchotsemo.