Foni yanga yatsopano inkathawira ku Mozambique

Foniyi ndinaigula ku Limbe mwezi wa Okutobala, ndipo masiku oyamba sindinkaisiya m'manja. Kamera yake imajambula bwino ngakhale kukuda, imalowa ma SIM awiri, ndipo ukangoika chala kumbuyo imatseguka yokha.

Mavuto anayamba nditafika kwathu ku Marka. Anthu akandiimbira sankandipeza, WhatsApp inangoti zii, mpaka achemwali anga a ku Nchalo anakwiya kuti ndikuwazemba chifukwa cha ngongole (ngongoleyo ilipodi, koma si nkhani ya lero). Nditayang'anitsitsa pamwamba pa sikirini ndinaona kachilembo ka R koimira roaming (kutanthauza kuti foni ili pa netiweki ya dziko lina), komanso dzina la netiweki lachilendo. Kunotu Mozambique ndi pakhomo pomwe, ndiye netiweki ya kwathu ikangofooka, foni imalumphira ya kutsidya n'kukakamira komweko.

Ndinalowa mu Settings, kenako Mobile network, n'kupeza pamene alemba Network operators. Ndinazimitsa kabatani koti foni izidzisankhira yokha. Inafufuza pafupifupi mphindi 2, n'kundionetsa mndandanda, ine n'kusankha ya kwathu. Ndinazimitsanso Data roaming. Muzichita zimenezi pa SIM iliyonse payokha, chifukwa ine ndinaiwala yachiwiri, vuto n'kupitirira tsiku lina lathunthu.

Chotsala ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Masana ikakhala pa chaja imaotcha ngati mbaula, choncho ndimaivula chikavala n'kuitchaja m'mamawa dzuwa lisanakwere.