Momwe mungakhalire barrister wa milandu yaupandu ndi yophwanya mwambo wa ntchito ku England

Kuno kwathu loya yemweyo amamva nkhani yanu mu ofesi n'kukakuimiriraninso kukhoti. Ku England ndi Wales ntchitoyi inagawidwa pawiri. Solicitor ndiye amakonza mlandu, pomwe barrister amakaima pamaso pa jaji atavala wigi, kufunsa mboni ndi kutsutsa umboni. Bungwe loyang'anira ma barrister ndi Bar Standards Board.

Poyambira ndi digiri imene mwaikhoza pa mulingo wosachepera 2:2 (lower second class). Ngati si ya zamalamulo, muwonjezere chaka chimodzi cha kosi ya GDL (Graduate Diploma in Law), yophunzitsa magawo 7 a maziko, monga malamulo a zaupandu, a makontirakiti ndi a malo. Amene ndi loya kale kudziko lina, ngakhale ku Malawi, angapemphe bungweli kuti limuchotsereko magawo ena.

Kenako lowani imodzi mwa ma Inn anayi a ku London, omwe ndi mabungwe a ma barrister: Lincoln's Inn, Inner Temple, Middle Temple kapena Gray's Inn. Mukhale mutalembetsa kudakali masabata 12 kuti kosi ya Bar, yophunzitsa ntchito ya barrister, iyambe. Thandizo lalikulu la fizi limachokera komweko, koma mumapempha ku Inn imodzi yokha, ndipo amatseka kumayambiriro kwa November, kutatsala pafupifupi chaka kuti sukulu iyambe. Wochedwa thandizoli limamudutsa. Mukakhoza kosiyo ndi kufika pa misonkhano 10 ya Inn yanu, amakuitanani ku Bar, kutanthauza kuti mwakhala barrister.

Dzina mwalipeza, koma simungaimirebe munthu musanachite pupillage, miyezi 12 yophunzira ntchito pansi pa barrister wamkulu. Apa ndiye pothina, chifukwa malo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omaliza kosi. Mafomu amapita kudzera pa webusaiti ya Pupillage Gateway kumayambiriro kwa chaka, ndipo muyenera kuyamba pasanathe zaka 5 chimalizireni kosi. Osankha safuna kumva kuti mumakonda chilungamo. Aliyense amalemba zomwezo. Auzeni mlandu umene munakaonerera ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu yaupandu, ndi chimene loya wa wozengedwa akanachita mosiyana.

Miyezi 6 yoyamba mumangotsatira ndi kulemba. Yotsalayo mumaima nokha ku Magistrates' Court, kupempha belo kapena kuchonderera kuti chilango chichepe, nthawi zambiri mafayilo atakupezani dzulo lake madzulo. Okuphunzitsani akakhutira nanu amakupatsani malo okhazikika mu chambers, ofesi imene ma barrister amagwiriramo ntchito limodzi, koma malipiro a pamwezi kulibe. Mumadzilemba nokha ntchito, mumadulidwa gawo la lendi ndi makalaliki, ndipo ndalama za legal aid zimachedwa. Kuchepa kwa ndalamazi n'kumene kunachititsa sitalaka ya ma barrister ya mu 2022, imene inatha boma litakweza malipiro ndi 15 pa 100 alionse.

N'chifukwa chake ambiri amaphatikizapo milandu ya mwambo wa ntchito. Madokotala amazengedwa ndi General Medical Council, milandu yake n'kumamvedwa ku Medical Practitioners Tribunal Service (MPTS) mumzinda wa Manchester. Anamwino ndi azamba, kuphatikizapo ochokera kuno amene akugwira ntchito ku Britain, amayankha ku Nursing and Midwifery Council. Khomo losavuta ndi kuyamba mwaimira bungwe lozengalo kwa miyezi ingapo.

Luso lofunsa mboni ndi lomwelija, koma muyeso ndi wina. Pa mlandu waupandu oweruza ayenera kutsimikiza ndithu. Pa milandu ya mwambo wa ntchito n'kokwanira kuti mwayi woti zinachitika ukuposa woti sizinachitike. Komiti yomva mlanduwo imayenda masitepe atatu: kodi zinachitikadi, kodi munthuyu angagwirebe ntchito bwino lero, nanga achitidwe chiyani. Angamuikire malire, kumuimitsa kaye kapena kumufufuta m'kaundula.

Ozolowera khoti la zaupandu amapunthwa pa sitepe yachiwiri. Amalimbana ndi mboni iliyonse ngati pali jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu), kuiwala kuti cholinga cha komiti ndi kuteteza odwala, osati kulanga. Namwino wokana chilichonse pamene umboni uli poyera amaoneka ngati sanaphunzirepo kanthu, ndipo ndiye amafufutidwa. Tsiku lisanafike, muuzeni alembe yekha zimene analakwitsa ndi zimene wasintha, abweretse ziphaso za maphunziro amene wachita chichitikireni nkhaniyo, ndi makalata a mabwana odziwa bwino mlanduwo. Chigamulo chikaipa, apilo yopita ku High Court iperekedwe pasanathe masiku 28.