Musanagule lenzi yodula yojambulira mumdima

Mnyamata amene ndimajambula naye maukwati kuno ku Mchinji akufuna kugulitsa njinga yake yamoto kuti agule lenzi ya f/1.4, yolowetsa kuwala kochuluka pojambula mumdima. Ndamuuza kuti ayambe wadikira.

Ululu wakewo ndimaudziwa. Pa chinkhoswe china ku Kamwendo magetsi anathima dzuwa litangolowa, panja n'kutsala babu limodzi la sola pamtengo wa mango. Ndinali ndi lenzi yobwera ndi kamera ija, 18-55mm. Mayi a mwana wamkazi anavina mokoma atanyamula lichero la perekaniperekani, koma pachithunzi anatuluka ngati utsi, nkhope osadziwika. Zinandiwawa, poti mwambo wotere sabwereza.

Choyamba, tsegulani zithunzi zanu zomwe zinakanika, muone manambala atatu: shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, monga 1/15 ya sekondi), aperture (bowo la lenzi lolowera kuwala, loyezedwa ndi nambala ya f) ndi ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala; mukaikweza chithunzi chimawala koma chimakhala ndi timadontho). Mukapeza kuti ISO inali pa 400, vuto si lenzi. Ikwezeni ifike 1600 kapena 3200. Chithunzi cha timadontho koma nkhope ikuoneka eni ake amachilandira, chofufutika amachibweza. Koma ngati ISO inali kale pamwamba, aperture ili pa f/5.6, shutter yatsikira pa 1/15, pamenepo lenzi yafikadi pothera.

Nambala ya f ikamachepa, bowo lolowera kuwala limakula. Kuchoka pa 5.6 kupita pa 4, kenako 2.8, 2 mpaka 1.4, sitepe iliyonse kuwala kumawirikiza kawiri. Lenzi yobwera ndi kamera mukaikokera pa 55mm imathera pa f/5.6. Kalenzi ka 50mm f/1.8, kotsika mtengo kuposa malenzi ambiri, kamalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye kuti pomwe munkajambula pa 1/15 mufika pa 1/125 mosavuta, munthu woyenda n'kuoneka bwinobwino. Tsono kuchoka pa f/1.8 kupita pa f/1.4, kuwala sikufika n'kawiri komwe, pamene mtengo umawirikiza kawiri kapena kuposa. Ine ndalama yangayo sindingaiike pamenepo.

Posankha, ganizirani kamera yanu. Pa makamera ngati Canon 600D, lenzi ya 50mm imaona ngati 80mm, ndiko kuti imakokera zinthu pafupi n'kuona malo ochepa, moti pabalaza pang'ono mudzatsamira khoma anthu asanakwane m'chithunzi. Ine pa Nikon D3500 ndimagwiritsa ntchito 35mm f/1.8. Anzanga a Nikon chenjerani: 50mm f/1.8D yakale ija pa D3500 siichita focus yokha, funani yolembedwa AF-S.

Lenzi yotseguka kwambiri ili ndi khalidwe lake. Mukayandikira munthu pa f/1.8, diso limaoneka bwino koma khutu lafufutika kale. Ankhoswe akaima mizere iwiri, akumbuyo onse atayika. Pagulu bwererani pa f/4 kapena f/5.6, muyatse fulashi moilozetsa kukhoma loyera kapena kusiling'i, osati kumaso kwa anthu. Ndipo zilembo za IS kapena VR zisakukopeni: zimathandiza manja anu akamanjenjemera, sizigwira munthu amene akuvina. Wovina amafuna 1/250.

Ambiri timagula malenzi ogwirapo kale ntchito. Pitani ndi kamera yanu, muiyese pomwepo. Walitsani tochi ya foni kumbuyo kwa lenzi, musuzumire kutsogolo. Mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, isiyeni ngakhale atsitse mtengo chotani. Yanunso nyengo ya mvula musamaisiye m'chikwama chonyowa. Isungeni m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Mnyamata uja ndamubwereka 35mm yanga. Loweruka ali ndi ukwati ku Kapiri, phwando lake lamadzulo, ndipo apita panjinga yake yomweyo.