Momwe mungawetere nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono m'thanki ya panyumba

Nkhanu za m'nyanja yamchere zimenezi zili ndi mimba yofewa, n'chifukwa chake zimabisala m'zigoba zimene nkhono zinasiya. Kusunga zazikulu sikuvuta. Chintchito chili pa ana, ndipo ndi pamene ambiri amagwa mphwayi.

Yambani ndi madzi. Sungunulani mchere wogula wopangira madzi osungiramo nsomba za m'nyanja yamchere, osati wophikira, mpaka ufike magalamu pafupifupi 35 pa lita. Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 27. Ikani mchenga ndi miyala, kenako thankiyo ikhale milungu 4 mpaka 6 pampu ikuyenda, kuti mabakiteriya ochotsa amoniya, poizoni wochokera ku ndowe ndi zakudya zowola, achuluke. Mankhwala okhala ndi kopa asalowemo, amapha nkhanu.

Mukatero ikani nkhanu zingapo za mtundu umodzi, monga Clibanarius tricolor ya miyendo yabuluu yochokera ku Caribbean. Ndati zingapo chifukwa kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi n'kovuta, ziwalo zake zimabisika m'chigoba. Zimadya ndere ndi tinyenyeswa ta nsomba. Koma zigoba musaumire nazo: nkhanu iliyonse ikhale ndi zopanda kanthu zitatu kapena kuposerapo, zosiyana kukula. Zikasowa, zimalandana mpaka kuphana. Nkhanu ikabisala kuti ifundule, isiyeni.

Yaikazi imanyamula mazira kumanzere kwa mimba yake, m'kati mwa chigoba. Mukawaona ikasuzumira kunja, yambani kulondera, poti amaswa usiku. Zimitsani pampu ndi sefa kuti zisameze ana, walitsani tochi pakona imodzi. Tianato timathamangira kuwala, ndiye mungotikoka ndi kapaipi n'kutiika m'chotengera china chozungulira, chokhala ndi madzi a m'thanki yomweyo.

Apa ndiye pofunika mtima wonse. Tianato timayandama, sitifanana n'komwe ndi nkhanu. M'chotengeracho mpweya wa pampu uzituluka pang'onopang'ono, wongokwanira kuti tisakhazikike pansi. Tipatseni tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi totchedwa rotifer ndi Artemia wongoswa kumene, tsiku lililonse, ndipo muzichotsa zotsala pansi n'kuthira madzi atsopano ofanana mchere ndi kutentha. Kulumpha tsiku limodzi lokha kukhoza kukutherani onse.

Ana a mitundu yambiri amafundula kanayi asanafike pa msinkhu wotchedwa megalopa. Apa kamwana kamakhala ndi timanja topanira, kamatsikira pansi n'kuyamba kufunafuna nyumba. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu amataya ana amene avutika nawo kwa milungu, chifukwa sanakonzeretu tizigoba. Tipezeni mazira asanaswe: tating'ono kwambiri, ta mamilimita 1 kapena 2, tochapa bwino, tochuluka kuposa anawo. Osati mudzayambe kusaka tsiku limenelo.

Amene alowa m'chigoba muwapatule msanga, chifukwa amadyana okhaokha. Muwabwezere m'thanki yaikulu akasintha zigoba kangapo, akafika poti akuluakulu sangawadye.